MAU A MKONZI: Mwana Wathu Walemekezedwa Kutali

Usiku wa pa 25 Novembala 1992 kapena caka cina ciri conse m'mbuyomo, palibe akadakhulupirira kuti mwana wobadwira ku Ndola angakatole mphoto za nyimbo m'dziko la Australia. Koma pa 25 Novembala 2020, pamwambo wa ARIA mumzinda wa Sydney, Sampa Tembo, wodziwika ndi dzina lakuti Sampa the Great, anaitanidwa katatu usiku umodzi. Imodzi mwa mphotozo inali ya woimba wamkazi wopambana onse m'cakaco. M'caka comweco anali atalandira kale Australian Music Prize kaciwiri, cinthu cimene woimba wina ali yense anali asanacitepo.

Ife tikondwera naye. Komabe citikondweretsa koposa ndi cimene anacita pambuyo pace. Anabwerera kwao, nagwira nchito ndi oimba a kuno monga Mag44 ndi Chef 187, ndipo m'nyimbo ya Never Forget ya mu 2022 analemekeza akuluakulu a Zamrock amene anamtsegulira njira.

Owerenga acikulire akumbukira masikuwo. M'zaka za m'ma 1970 Mtsogoleri Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo zambiri za pa wailesi zikhale za m'dziko muno. Kampani ya Teal inali kudinda mbale za nyimbo ku Ndola, ndipo maina a Paul Ngozi ndi gulu la WITCH anamveka m'mudzi uli wonse. Nanga mathero ace? Cuma citabvuta, Jagari Chanda, mtsogoleri wa WITCH, anakakumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze cakudya. Anakumbukiridwanso pamene alendo a kunja anayamba kufunafuna mbale zace zakale. Ici ciyenera kuticititsa manyazi.

Lero ku Natuseko, ku Bwacha ndi ku Makululu mumzinda wa Kabwe, kumene mgodi unatsekedwa mu 1994, kuli anyamata ndi atsikana ambiri a mau okoma amene alibe nchito. Momwemonso m'midzi ya ku Katete ndi ku Petauke. Makolo ena amati kuimba ndi ulesi. Ife sitibvomereza, pokhapo mwanayo asasiye sukulu. Koma bvuto lalikulu liri ndi ife omvera. Timapita kumsika, tipatsa mnyamata wa kompyuta ndalama pang'ono kuti atidzazire nyimbo pa foni, ndipo mwini nyimbo salandira ngakhale ngwee imodzi. Mwina analipira wojambula mau ndi ndalama zangongole.

Lamulo loteteza eni nyimbo lilipo kuyambira mu 1994, ndipo bungwe la ZAMCOPS liripo kuti litolere ndalama zao. Tipempha eni mabala, mabasi ndi mawailesi a m'maboma kuti alipire cimene lamulo lifuna, ndi oimba acinyamata a ku Natuseko kuti alembetse nyimbo zao asanazitulutse.