Batire la galimoto limawotcha ndithu

Pali mawu amene afala pakati pa madalaivala a minibasi ndi anyamata omanga mawailesi m'magalimoto, kuyambira ku Marapodi ndi Mandevu mpaka ku Chawama. Akuti magetsi a galimoto ndi 12 volts chabe, ngakhale mwana angagwire osalira. Ndiye pota mawaya, kulunga tepi yakuda, nyimbo zilire. Akutinso zofinyira tizitsulo kumapeto kwa waya ndi njira yongodyera makasitomala. Tawamva mawuwa pa siteshoni ya mabasi ya Kulima Tower, tawamvanso m'magalaja a pansi pa mtengo, ndipo ife tikukana.

Choona chilimo pang'ono. Mukagwira mitu iwiri ya batire ndi manja ouma, palibe chimene mumamva. Koma batire lomwelo limatulutsa ma amp mazana podzutsa injini m'mawa, ndipo amene anagwetserapo sipanala pamitu yake sanaiwale moto umene unathetheka. Ma amp ndiwo amatenthetsa waya.

Tiwerengere limodzi. Ampulifaya yokoka 600 watts pa 12 volts imafuna ma amp 50. Pamfundo yopota ndi manja magetsi sadutsa mosavuta ngati mu waya wosaduka. Tinene kuti chopingacho ndi 0.01 ohm, kanthu koti mita yotchipa singakaone nkomwe. Pa ma amp 50, kamfundo kochepa ngati nyemba kamatulutsa kutentha kwa 25 watts, kofanana ndi kachitsulo kowotcherera ka okonza mafoni. Kachitsulo kameneko mwakabisa pansi pa kapeti, pafupi ndi siponji ya mpando, mwakakulunganso pulasitiki. Guluu wa tepi akatenthedwa amafewa, tepi nkumasuka yokha, waya wamaliseche nkukhudza chitsulo cha galimoto.

Onena mawu aja amayankha kuti, "Nanga bwanji yanga yatha chaka ikulira?" Mfundo yopota imayamba bwino, n'chifukwa chake imanamiza anthu. Pakati pa timawaya topotedwa pamatsala mpweya. Mvula ikayamba mu Novembala chinyezi chimalowa, mkuwa umada kenaka nkubiriwira, ndipo galimoto yoyenda m'misewu ya mukomboni imagwedeza mfundoyo tsiku lonse. Ikamasuka imatentha, ikatentha imaonongeka msanga. Mwini galimoto amangoona kuti besi ikudukaduka pa mabampu, nkumatukwana sipika yosalakwa.

Kufinya kumathetsa vuto la mpweyalo. Waya amalowa m'kachitsulo kamene amisiri amati terminal, ndipo chofinyira chimapanikiza timawaya tonse mpaka tikhale ngati chitsulo chimodzi, popanda mpata wolowa chinyezi. Njirayi ndi yakale. Mu 1941 Uncas Whitaker anayambitsa kampani ya AMP ku America yopanga tizitsulo totere kuti azilumikizira mawaya a ndege ndi sitima zapamadzi popanda kuwotcherera. Amene akukayika asolole pulagi iliyonse ya Hiace kapena Corolla yake aone mmene a Toyota anamangira: timapini tonse tinachita kufinyidwa. Galimotoyo yayenda zaka ku Japan, yatsikira ku Dar es Salaam, yadutsa pa Nakonde, mawaya ake ali chigwirire. Mavuto amayamba tsiku limene tadula mawaya ake ife. Ndipo timadula pafupifupi tonse, poti wailesi zakale za ku Japan zimagwira kuyambira 76 kulekeza 90 MHz, pomwe masiteshoni ambiri a kuno ali pamwamba pa pamenepo.

Pali gulu lina, la amisiri achikulire, limene limati yankho ndi kuwotcherera ndi mtovu. Awa timawalemekeza, ntchito yawo imaposa kupota kutalitali. Komabe, bambo, mtovu umakwera mkati mwa timawaya nkuumitsa waya, ndipo pamene pathera kuumako m'pamene amathyokera akagwedezeka nthawi yaitali. Pa bolodi ya mkati mwa wailesi wotchererani. Pa waya wochoka ku batire finyani.

Sitikubisa kuti kufinya kolakwika kuliko, ndipo n'kumene kwapatsa mphamvu mphekeserayi. Mnyamata amatenga pulayala wamba, kapena mwala ndi msomali, nkuphwanya terminal mpaka iphwatalale. Kunja imaoneka yogwira, mkati waya akusewera. Wina amaika waya woonda mu terminal yaikulu. Mitundu ya ma terminal sanaikire kukongoletsa: yofiira ndi ya waya wa 0.5 mpaka 1.5 mm², yabuluu 1.5 mpaka 2.5, yachikasu 4 mpaka 6. Waya wonenepa wa ampulifaya amafuna lagi yamkuwa ndi chofinyira chake chachikulu. Kasitomala amene anaonapo terminal ikugwera m'manja ali ndi chifukwa chokayikira, koma wolakwa ndi wofinyayo ndi chida chake.

Tipatukeko pang'ono, poti izi zimatiwawa. Dziko lino ndi la mkuwa, ndipo ku Luanshya a ZAMEFA amapanga mawaya amkuwa weniweni. Koma mawaya ambiri otchipa ogulitsidwa pamodzi ndi ma ampulifaya ndi aluminiyamu wopakidwa mkuwa pamwamba pokha. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi ochepera magawo awiri mwa atatu a amene mkuwa wonenepa mofanana umadutsitsa, ndipo amathyoka msanga. Palani kumapeto kwake ndi mpeni. Mukaona zoyera mkati, mwadziwa chimene mwagula. Waya wotereyu mukamupotanso ndi manja, ndiye mwaunjika nkhuni.

Nkhani ya fyuzi imayendera limodzi ndi ya kupota mawaya, chifukwa amene amati 12 volts siwotcha ndi yemweyo amene amamanga fyuzi yopsa ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Fyuzi ya ampulifaya iyenera kukhala pafupi ndi batire, osapitirira utali wa mkono, kuti waya akakhudza chitsulo paliponse m'njira, ipse fyuziyo. Yoikidwa kumbuyo pafupi ndi sipika imasiya waya yense wodutsa pansi pa mipando ya anthu wopanda chomuteteza.

Paketi ya ma terminal mtengo wake sufika pa wa sipika imodzi, ndipo chofinyira mmisiri amagula kamodzi. Amalume oyendetsa basi, mukapita kukamangitsa, musakhale pa benchi kudikira kuti muuzidwe kuti zatha. Imirirani pafupi, ndipo mnyamatayo asanatseke dashibodi muuzeni agwire terminal dzanja limodzi, waya dzanja lina, akoke mwamphamvu inu mukuona. Waya akasololoka, adule ayambirenso.