Mwana wa ku Chitipa akumva chiyani m'kalasi?

Taganizirani mwana wa zaka 6 wa ku Chitipa amene kwawo amayankhula Chilambya kapena Chindali. Tsiku loyamba mu Sitandade 1 akupeza buku la Chichewa ndi lina la Chingerezi, zinenero zomwe sanaziyamwire. Mwinanso mphunzitsi wake wachokera ku Dedza. Teremu ikamatha, makolo akuuzidwa kuti mwanayo mutu wake sugwira. Kodi vuto n'la mwanayo?

Boma lakhala likusinthasintha pankhaniyi. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro udalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chinenero chawo, koma lamulolo lidathera papepala. Kenako lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi patsogolo. Ndondomeko ya National Reading Programme, yomwe idayamba mu 2016, idabweretsa mabuku atsopano komanso maphunziro a aphunzitsi. Pamenepo tiwombe m'manja, kungoti zonsezo zidali m'Chichewa ndi m'Chingerezi basi.

Sindikunena kuti tisindikize mabuku m'chinenero chilichonse cha ku Chitipa ayi, ndalama zake sizingapezeke. Koma ofesi ya maphunziro paboma ingathe kuonetsetsa kuti wophunzitsa Sitandade 1 ndi 2 ndi munthu womva chinenero cha m'deralo, woti mwana akasokonezeka amufotokozere m'mawu akwawo. Ku Mangochi, kumene ana ambiri amakula ndi Chiyao, nkhani ndi yomweyo.

Makolo, pamsonkhano wa komiti ya sukulu musangokambirana zoumba njerwa. Afunseni ahedi kuti Sitandade 1 aikako ndani chaka chino.