Lumo si nkhwangwa, musathamangire mwala wa mu hadiweya

Anyamata a ndevu, kucokera pa Katete Stores mpaka ku Sinda na ku Vubwi, sabata ino nkhani ni yanu. Kuyambira 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba malaiti nkuyamba kuthima maola ambirimbiri, tonse taona zimene zimacitika ku babashopu: mashini zii, mzere wautali, mawa nchito, ndevu zili nyankhalala. Ndiye ena mwagula lumo, lija lopinda monga kampeni, kuti muzizimeta mweka. Nzeru zabwino. Koma lumo limabuntha, ndipo ndalama za ambiri zimathera pa zonolera zolakwika.

Coyamba, mwala wakuda uja wa mu hadiweya, wonolera zikwanje na mipeni ya ku butchala, usiyeni. Miyala yonolera ili na manambala: nambala ikacepa mwala ni wokhakhala, ikakula ni wosalala. Wa mu hadiweya nthawi zambiri sufika na pa 400 pomwe. Mukapitisapo lumo, kukamwa kwake kumasanduka sowo, ndipo tsaya lanu ndilo lizalipira.

Lumo limafuna masitepe. Mwala wa 1000 ni wokonza kukamwa ngati kwagomoka kapena kwabunthiratu. Wa 4000 umafafaniza mizere imene wa 1000 wasiya. Wa 8000 ni womalizira, ndiwo umapangitsa kuti lumo lidule ndevu kopanda kukoka. Musagule yonse tsiku limodzi. Kuli miyala ya mbali ziwiri, monga Norton 4000/8000 kapena King 1000/6000 ya ku Japan. Umodzi cabe ukwana poyambira. Ngati lumo lanu linabwera lakuthwa kale, mbali yosalala ndiyo muzagwiritsa nchito kwambiri. Miyala iyi siipezeka wambawamba kuno kwathu, muzafunika kutuma munthu ku Lusaka kapena kuitanitsa pa intaneti. Cenjerani na yochipa kwambiri, nambala yolembedwa pa bokosi nthawi zina siigwirizana na mwala uli mkati.

Thumba likakana, musadandaule. Pitani kumene agulitsa penti ya mamotoka, mugule sandipepa ya madzi ya 1000 na 2000. Inyowetseni, muiyale pa galasi lokhuthala losapindika. Siifika pa mwala wa 8000, koma pophunzirira dzanja ni yabwino, ndipo mukalakwitsa simulira kwambiri.

Manje mverani ici. Cinthu coyamba kugula si mwala, ni lamba wa cikumba. Mwala mumaugwira mwa apo na apo, lamba ni tsiku lililonse musanamete. Lamba sanola, amangowongola kukamwa kumene kwapindika pang'ono pometa. Pezani cikumba cosalala, copanda msoko kapena zibowo, cotambalala monga zala zitatu. Osoka nsapato pa msika angakudulireni. Mangani mbali imodzi ku msomali, kokani kuti cilimbe.

Kayendetsedwe nkosiyana, apa mpamene ambiri amasokoneza. Pa mwala, gonekani lumo lonse, msana na kukamwa zigunde pamodzi, kukamwa kutsogole. Musadendekere msana monga mucitira na mpeni, ndipo musakanikize, kulemera kwa lumo kukwana. Pa lamba, msana ndiwo utsogola. Potembenuza, gubuduzani pa msana, apo ayi muzadula lamba. Mwala wa madzi uvikeni kaye mphindi zingapo, osathirapo mafuta. Ukayamba kukumbika pakati, upereseni pa sandipepa ija ya pa galasi mpaka ukhalenso fulati. Poyesa, metani tuubweya twa pa mkono. Tukagwa mosavuta, lumo lapsa. Phunzirirani pa lumo lochipa, osati la cikumbutso la agogo.

Mau amodzi kwa imwe a babashopu. Lumo lonola ni la munthu mmodzi, monga mswaci. Kacilombo ka hepatitis B kamakhala na moyo m'magazi ouma kwa masiku osacepera 7, ndipo kupukuta na sipiliti mothamanga si citetezo cokwanira. Kwa makasitomala gwiritsani nchito cogwirira cija coikamo lezala, mutsegule yatsopano iwo akuona, mukatsiriza mutaye. Na imwe okameta, musacite manyazi kufunsa.

Kulamba ku Mkaika kumabwera kumapeto kwa Ogasiti, ndipo aliyense amafuna kukafika kwa Kalonga Gawa Undi nkhope ili mbee. Musayambe kuphunzira kunola usiku woti mawa ni mwambo, muzapita na mapulasitala kumaso. Pezani lamba mwezi uno, mwala ubwere thumba likalola.