Nkhawa za pa nchito: Kodi kuphunzitsa akapitao kungathandize?

Mu September caka ca 2022, bungwe loona pa za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa malangizo onena za thanzi la maganizo a anthu pa nchito. Kwa nthawi yoyamba, bungweli linapempha olemba anthu nchito kuti aziphunzitsa mamanijala ndi akapitao momwe angathandizire anchito amene apanikizika maganizo. Bungwe loona pa za anchito la ILO nalo linagwirizana ndi pempholi.

Mabungwe awiriwa anati masiku ogwira nchito okwana mabiliyoni 12 amatayika caka ciliconse cifukwa ca matenda a nkhawa ndi kuvutika maganizo, ndipo cuma ca maiko cimataya madola a ku America pafupifupi mabiliyoni 1,000. Mu 2021 mabungwe omwewa anali atalengeza kuti anthu 745,000 anamwalira mu 2016 ndi matenda a mtima ndi sitiroko cifukwa cogwira nchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata.

Kuyambira mu 2019, bungwe la WHO limaona kutoperatu ndi nchito monga vuto locokera ku nchitoyo. Zizindikiro zake ndi zitatu: munthu amatheratu mphamvu, amayamba kuipidwa ndi nchito yake, ndipo sagwiranso bwino monga kale. Zimene zimabweretsa vutoli ndi nchito yoculuka, maola atali, kusowa mpata wokambapo maganizo ako, kuopa kucotsedwa ndi kuzunzidwa ndi akulu-akulu. Zambiri mwa izi zimadzera kwa kapitao, cifukwa ndiye amagawa nchito, amavomereza chuthi, ndipo ndiye woyamba kuona kuti wanchito wasintha khalidwe.

Zomwe zinacitika ku France zionetsa kuopsa kwa mphamvu imeneyi ikagwiritsidwa nchito molakwa. Mu 2006 kampani ya mafoni ya France Télécom, imene tsopano ichedwa Orange, inakonza zocepetsa anchito 22,000 m'zaka zitatu. Ambiri mwa anchitowo anali otetezedwa ndi malamulo a anchito a boma, conco sikunali kotheka kungowacotsa. Mmalo mwake anayamba kusamutsidwa mokakamiza ndi kupatsidwa nchito zosagwirizana ndi maphunziro ao kuti atope ndi kucoka okha. Mu 2008 ndi 2009 anchito 35 anadzipha. Mu December 2019 khoti la mu mzinda wa Paris linapeza a Didier Lombard, amene anali mkulu wa kampaniyo, ndi mlandu wozunza anchito m'maganizo kudzera mu ndondomeko ya kampani, ndipo kampaniyo inalipitsidwa ma euro 75,000.

Pali umboni wakuti mphamvu ya kapitao ingathenso kucinjiriza anchito. Mu 2017 magazini ya madokotala ya Lancet Psychiatry inafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anacitika pakati pa ozimitsa moto ku New South Wales m'dziko la Australia. Akapitao ena anapatsidwa maphunziro a maola 4 cabe, pomwe ena sanaphunzitsidwe. Patapita miyezi 6, kulova cifukwa ca matenda ocokera ku nchito kunacepa pakati pa anchito a akapitao ophunzitsidwawo, ndipo akapitaowo anali olimba mtima kukambirana ndi wanchito wodwala.

Maphunziro otere colinga cake si kusandutsa kapitao kukhala dokotala. Amaphunzira kuzindikira zizindikiro, monga wanchito wodalirika amene wayamba kucedwa, kukwiya msanga kapena kudzipatula. Amaphunzira kuitanira munthu pambali, kumumvetsera osamuweruza, kusunga cinsinsi, kusintha kagawidwe ka nchito ngati n'kotheka, ndi kumutumiza kwa alangizi kapena ku cipatala vuto likakula.

Kuno ku Zambia maziko a lamulo alipo kale. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la za nchito, Employment Code Act, limene likuti maola a nthawi zonse ogwira nchito ndi 8 pa tsiku. Lamuloli lifunanso kuti wolemba anthu nchito akhale ndi ndondomeko yolembedwa ya thanzi la anchito, yoletsa nkhanza, ndiponso njira yoperekera madandaulo. M'caka comweco munakhazikitsidwanso lamulo la Mental Health Act, lomwe linalowa m'malo mwa lamulo lakale la nthawi ya atsamunda ndipo liteteza ufulu wa anthu odwala maganizo.

Koma ndondomeko yolembedwa pa pepala imadalira munthu woitsatira. Kawiri-kawiri munthu amakwezedwa kukhala kapitao cifukwa codziwa bwino nchito ya manja kapena ya mabuku, osaphunzitsidwa kayang'aniridwe ka anthu. Ngati nkhanza icokera kwa kapitao yemweyo amene ayenera kulandira dandaulo, wanchito amasankha kukhala cete. Palinso manyazi. Kwa anthu ambiri, kuchula vuto la maganizo kumakumbutsa cipatala ca Chainama mu Lusaka ndi mau akuti misala, motero namwino, mphunzitsi kapena wanchito wa mu mgodi amaopa kuti akaulula adzasekedwa kapena kumanidwa mwai wokwezedwa.

Maphunziro nao ali ndi malire. Malangizo a WHO aika patsogolo kukonza kayendetsedwe ka nchito, monga kucepetsa katundu wa wanchito aliyense ndi kumupatsa mpata wokambapo pa zimene zimukhudza. Kapitao wophunzitsidwa bwino sangathetse vuto la anamwino awiri amene akugwira nchito ya anthu asanu, kapena la malipiro amene safika pa tsiku lake. Mlandu wa ku France unaonetsanso kuti akapitao amatsatira zimene eni kampani akufuna. Vuto lina ndi lakuti anthu ambiri m'dziko muno amagwira nchito zosalembetsedwa ku boma, m'misika, m'minda, m'mabasi ndi m'nyumba za anthu, kumene kulibe ofesi yoona za anchito.

Ngakhale zili conco, kuphunzitsa akapitao ndi cinthu cimene unduna wa boma, mgodi, banki kapena sitolo yaikulu ingayambe popanda kudikira lamulo lina kapena ndalama zambiri. Mabungwe oimira anchito naonso ali ndi mpata woika nkhaniyi pa mndandanda wa zokambirana ndi olemba nchito, pamodzi ndi za malipiro. Phindu la maphunzirowa lidzaoneka pokhapokha ngati kapitao amene waona kuti wanchito wake walemedwa apatsidwa mphamvu yomucepetsera nchitoyo.