KWANU NKWANU

M'mizinda yaikuru ya kum'mwera, ku Johannesburg, ku Durban, ku Harare, ku Bulawayo ndi m'makomboni a ku Copperbelt, muli anthu ambiri ocokera ku Malawi, ndi enanso obadwira m'mizindamo kwa makolo ocokera kumeneko, amene akafunsidwa kwao amayamba ayang'ana uku ndi uku asanayankhe. Ena amachula dzina la dziko lina. Ena anasintha maina a makolo ao kuti aoneke ngati eni nthaka. Ena ali ndi ana aakuru amene sadziwa ngakhale kupereka moni m'Cinyanja, m'Citumbuka kapena m'Ciyao, cifukwa atate ao analetsa cinenero ca kwao m'nyumba. Khalidwe limeneli liyenera kulingaliridwa bwino, pakuti munthu wokana kwao amadzimana yekha cinthu cimene sangathe kucigula ndi malipiro a pa mwezi.

Manyazi amenewa ali ndi gwero lace, ndipo si nkhani yoseka. Malawi ndi dziko losauka. Cikhala kuti linali lolemera, ana ace sakadalisiya kukafuna nchito kwa eni. M'mwezi wa March, 2023, namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000 ndi kukokolola midzi ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Ndipo m'November caka comweco ndalama ya kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ku Zimbabwe anthu a ku Malawi akhala akunenedwa Mabhurandaya ndi Manyasarandi; ku South Africa amachedwa makwerekwere, ndipo m'zaka za 2008 ndi 2015 ambiri anathamangitsidwa m'nyumba zao, kotero kuti Boma linatumiza mabasi kukawatenga. Munthu amene abisa mtundu wace pa tsiku la cipolowe kuti apulumutse moyo palibe angamdzudzule. Koma kuubisa m'masiku a mtendere, ndi kuubisa kwa ana obereka yekha, ndi cinthu cina. Akuru anati mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo.

Cinthu coyamba coyenera kukumbukira ndi thukuta la makolo. Mizinda imene ana a Malawi akuyendamo mozyolika inamangidwa ndi manja a agogo ao omwe. Iwo anayenda pansi kuoloka Zambezi, ena anatengedwa ndi Wenela ndi Mthandizi, nakumba golidi ku Joni, malasha ku Wankie ndi mkuwa ku Nkana, nalima fodya m'mafamu a Southern Rhodesia. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 m'migodi ya ku South Africa munali anthu a ku Malawi oposa 100,000. Pa 4 April, 1974, ndege ya Wenela inagwa ku Francistown niipha anthu a ku Malawi oposa 70 amene anali kubwerera kwao atatsiriza nchito. Mdzukuru wa anthu otere alibe cifukwa ca kuweramira pansi m'mzinda uliwonse wa kum'mwera.

Ndipo sanapite ndi mphamvu za m'manja zokha. Sukulu za mishoni za Livingstonia ndi Blantyre zinatulutsa makalaliki, aphunzitsi, amisiri ndi othandiza m'zipatala amene anafunidwa m'maiko onse ozungulira. Clements Kadalie, wa ku Nkhata Bay, wophunzira ku Livingstonia, ndiye anayambitsa bungwe la anchito la I.C.U. ku Cape Town m'caka ca 1919, ndipo pofika 1927 linali ndi mamembala ngati 100,000. Munthu aliyense wa pa nchito amene amapita ku msonkhano wa bungwe lace kukakambirana za malipiro akuyenda m'njira imene mlendo wa ku nyanja uja anathandiza kulambula. David Kaunda naye anacokera ku Nyasaland kukaphunzitsa ku Chinsali, ndipo mwana wace Kenneth anakhala Pulezidenti woyamba wa Zambia m'caka ca 1964.

Caciwiri ndi m'mene dzikolo linapezera ufulu wace. John Chilembwe, amene anamanga mishoni yace ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu m'caka ca 1900, anaukira thangata ndi nkhanza za m'maesiteti pa 23 January, 1915, nataya moyo wace. Pamene Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinakhazikitsidwa m'caka ca 1953, mafumu ndi anthu wamba a dziko laling'onoli anacikana kolimba, cifukwa ambiri a iwo anali atagwirako nchito kum'mwera ndi kuona ndi maso ao malamulo a tsankho ndi a ziphaso. Pa 3 March, 1959, Bwanamkubwa analengeza lamulo la ngozi. Anthu anaomberedwa pa doko la Nkhata Bay, ndipo m'dziko lonse anafa oposa 50. Dr. Banda anatsekeredwa ku Gwelo, ena ku Khami pafupi ndi Bulawayo, ena ku Kanjedza. Koma Citaganya cinatha pa 31 December, 1963, ndipo Malawi analandira ufulu pa 6 July, 1964. Dziko limene ena analiyesa nkhokwe ya anchito cabe ndilo linayamba kugwedeza mizati ya Citaganya.

Cacitatu ndi mtendere. Malawi sanakhalepo ndi nkhondo ya paciweniweni kuyambira pa ufulu. Zaka za ulamuliro wa cipani cimodzi zinali zowawa, ndipo ambiri anamangidwa popanda mlandu. Koma ulamulirowo unathetsedwa ndi mavoti pa 14 June, 1993, si ndi mfuti ai. M'zaka za 1994, 2014, 2020 ndi 2025 Pulezidenti wokhala pa mpando anagonja pa cisankho nacoka. Pa 3 February, 2020, oweruza asanu a Bwalo loona za malamulo a dziko anafafaniza cisankho ca Pulezidenti ca 2019 cifukwa ca zolakwika za m'kawerengedwe, nalamula kuti cicitikenso; ndipo cinacitikadi pa 23 June caka comweco. M'Afirika monse cinthu cotere cinali citacitikapo ku Kenya kokha. Pali maiko olemera ndi golidi ndi mafuta amene akadakondwa kukhala ndi mbiri yotere.

Cacinai, cimene munthu wochedwa mlendo ayenera kucisunga pa mtima, ndi m'mene kwao kunalandirira alendo. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, cakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, anthu ngati 1,000,000 anathawira ku Malawi, pamene eni dziko anali ngati 8,000,000 okha. Ku Nsanje othawa nkhondo anaposa eni mudzi kuculuka. Anthu amene analibe cimanga cokwana caka anagawana ndi alendowo minda, zitsime ndi nkhuni, kufikira mtendere unabwera m'caka ca 1992 ndipo iwo anayamba kubwerera. Kulemera kwa mtundu sikuyesedwa ndi nyumba zosanja zokha.

Za kukongola kwa dzikolo sizifuna mau ambiri, pakuti aliyense wobadwira kumeneko amazilota. Nyanja ya Malawi ndi yotalika mamailosi oposa 350, ndipo muli mitundu ya nsomba yoculuka koposa m'nyanja ina iliyonse ya madzi osawawa pa dziko lapansi; cambo, kampango, mpasa, usipa ndi utaka zimacokera m'menemo. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi ya msinkhu wa mapazi pafupi-fupi 10,000, ndipo m'tsinde mwace muli minda ya tiyi. Zojambula za makolo m'mapanga a Chongoni ku Dedza zinalembedwa ndi UNESCO m'caka ca 2006 pa mndandanda wa cuma ca anthu onse, ndipo Gule Wamkuru ndi Vimbuza zinalemekezedwa ndi bungwe lomwelo m'caka ca 2005. Cinenero cimene ena akucita naco manyazi cimalankhulidwa ku Lusaka, ku Chipata, ku Tete ndi ku Niassa. Ndipo malamulo a dziko la Zimbabwe a 2013 anaciwerengera pakati pa zinenero 16 zobvomerezeka ndi Boma.

Koma kunyadira kwao si kudzitama pa mowa, kapena kutseka maso pa zoipa. Munthu wokonda dziko lace ndiye amene amapwetekedwa mtima akamva kuti ndalama za Boma zabedwa, monga zinamveka m'caka ca 2013 pa mlandu wa Cashgate, ndiponso akamva kuti m'cipatala mulibe mankhwala kapena kuti mapiri ameteka cifukwa ca makala. Iye ali ndi ufulu wa kudzudzula, cifukwa nyumbayo ndi yace. Amene anakana kwao alibe pakamwa ponenera zimenezi.

Kunyadira kweni-kweni kumaoneka m'zinchito zazing'ono. Ndiko kulankhula ndi ana cinenero ca makolo madzulo m'nyumba, ndi kuwauza dzina la mudzi, la mfumu ndi la pfuko lao. Ndiko kutumiza kangacepe pa kutha kwa mwezi kuti mlongo agule feteleza ndi kuti mphwace wa munthu asacoke pa sukulu. Ndiko kusunga ziphaso zolongosoka, kulowa m'mabungwe othandizana pa maliro, ndi kulandira mnyamata wofika kumene m'mzinda asanagwe m'manja mwa akathyali. Ndiko kupita kumudzi pa chuthi munthu akali ndi mphamvu, osadikira kuti akafike m'bokosi. Ndikonso kugwira nchito mokhulupirika, pakuti mbiri yabwino imene anthu a ku Malawi ali nayo kwa olemba nchito inapangidwa ndi amene anatsogola, ndipo munthu mmodzi wosasamala angathe kuiipitsira anzace ambiri.

Mbadwo wa machona unaphunzitsa phunziro lowawa. Ambiri amene anadula makalata ndi kwao anakalambira m'mafamu ndi m'makomboni a migodi yotsekedwa, opanda munda, opanda mbale, ndipo ana ao analembedwa kuti ndi alendo m'dziko limene anabadwiramo. Nchito imatha, mgodi umatsekedwa, bwana amasintha, ndipo malamulo a eni dziko amatembenuka. Mudzi wokha ndiwo sufunsa munthu ciphaso pa kubwera kwace. Cifukwa cace akuru ananena kuti kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.