MBEWU YA R1,000 SIICHOTSA DZINA LANU KU CREDIT BUREAU

Inu Amalawi anzanga amene muli kuno ku Joni, ku Pretoria, ku Durban ndi ku Cape Town, lero ndilemba zotalika. Amene alibe nthawi adutse. Koma inu amene foni ikalira ndi nambala yachilendo mtima umagunda, inu amene munakanizidwa nyumba ya lendi kapena ntchito chifukwa akuti dzina lanu lili pa blacklist, khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto.

Ndatopa nazo zimene ndikuona pa Facebook. Akuti usiku wofafaniza ngongole. Akuti bwerani ndi mbewu ya R1,000 ndi kalata ya ngongole tiidzoze mafuta, pofika Lolemba dzina lidzakhala litasowa mu kompyuta. Abale, ine ndine m'busa wa Pentekoste. Ndimakhulupirira zozizwitsa, ndimasala kudya, ndimapempherera odwala. Koma kutenga R1,000 kwa mayi wogwira ntchito ya m'nyumba, amene akulephera kulipira R300 pa mwezi ku sitolo ya zovala, n'kumuuza kuti ngongole yake yatha, kumeneko ndi kuba. Ndinenenso kuti mumve: ndi kuba. Lolemba likafika ngongole ili pomwepo, chiwongoladzanja chakwera, ndipo mayi uja alibe ndi ya thiransipoti yomwe.

Amakonda kulalikira za mayi wamasiye wa pa 2 Mafumu 4, amene mwini ngongole ankafuna kumulanda ana. Kawerengeni nokha. Elisa sanamupemphe kanthu mayi ameneyu. Sanamuuze kuti ngongole yasungunuka. Mafuta anachuluka, inde, koma mayiyo anatumidwa kukagulitsa mafutawo kuti akalipire. Ngongole inatha chifukwa inalipiridwa. Nanga chiphunzitso chakuti mneneri ndiye alandire ndalama, mwini ngongole angoiwala, mwachitenga kuti?

Ali ndi abale awo anthu amenewa, a pa WhatsApp aja olemba kuti timachotsa dzina ku ITC, R1,500 basi. Mayi wina wa mu mpingo mwathu anatumiza ndalama kawiri kwa munthu wotere, pamodzi ndi chithunzi cha pasipoti yake. Tsiku lachitatu nambala inazima. Taganizani, wapereka ndalama, waperekanso pasipoti kwa munthu wosamudziwa amene angakatsegulire nayo akaunti ina! Ena sathawa ayi, amangolemba kalata yodandaula ku bureau, chinthu chimene inu mukanachita nokha ulere. Enanso amakusainitsani mapepala, kenako mumangozindikira kuti mwalowetsedwa mu debt review, ndipo simungatengenso ngongole ina iliyonse mpaka mutamaliza.

Tsopano ndimvereni bwino, chifukwa chimene chikutipweteka ndi kusadziwa. ITC imene mumaitchula ndi dzina lakale la kampani ya TransUnion. Palinso Experian ndi XDS. Amenewa ndi ma credit bureau. Ntchito yawo ndi kusunga mbiri ya mmene munthu amalipirira ngongole, monga auzidwira ndi mabanki, masitolo ndi makampani a mafoni. Lamulo la dziko lino, National Credit Act la 2005, limakupatsani ufulu woona credit report yanu ulere kamodzi pa chaka ku bureau iliyonse. Ulere! Ambiri a inu mwakhala zaka mukulira kuti ndili pa blacklist, koma pepalalo simunalionepo ndi maso anu. Mukumenyana ndi mdani amene simukumudziwa nkhope.

Mukaliona, mukapezamo akaunti imene simunatsegule, kapena ngongole imene munamaliza kale, mumalemba dandaulo ku bureau komweko. Ali ndi masiku 20 a ntchito kuti afufuze. Ngati amene anakulembetsaniyo alephera kubweretsa umboni, ayenera kuchotsa. Salipiritsa. Akakuzungulitsani, nkhani mumapita nayo kwa National Financial Ombud, nakonso ndi ulere. Ndipo ngati ngongoleyo ndi yoona koma mwailipira yonse, lamulo limati amene munamukongola adziwitse ma bureau pasanathe masiku 7, bureau nayo ichotse chizindikiro choipacho pasanathe masiku ena 7. N'chifukwa chake ndimakuuzani kuti mukamaliza ngongole musangoimba aleluya n'kumapita. Funsani kalata yotsimikiza kuti mwamaliza, paid-up letter, muijambule, muisunge pamodzi ndi pasipoti. Ndisakunamizeni, mbiri ya miyezi imene munachedwa kulipira imakhalabe mpaka zaka 5. Imeneyo palibe mneneri kapena mnyamata wa pa WhatsApp angaifufute. Imakwiririka pang'onopang'ono ndi miyezi imene mwalipira bwino.

Tibwere kwa oimba foni aja. Nthawi zambiri amene akukuimbirani si sitolo imene munatengako katundu. Ndi kampani imene yatumidwa kulonjerera, kapena imene inagula ngongole zakale zambirimbiri pa mtengo wotsika. Chida chawo chachikulu ndi mantha. Akamva kalankhulidwe kuti uyu ndi mlendo, amadziwa pogwira. Tikutumizira apolisi. Ugona m'chitokosi Lachisanu. Tikuneneza kuti ubwezedwe kwanu. Mawa tikubwera kudzanyamula firiji.

Bodza! M'dziko lino munthu samangidwa chifukwa cholephera kulipira ngongole ya sitolo kapena ya banki. Khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linathetsa zimenezo mu 1995. Sindikunena za amene anatenga ngongole ndi mapepala achinyengo, umenewo ndi mlandu wina. Ndipo woimba foni alibe mphamvu yonyamula ngakhale supuni m'nyumba mwanu. Pamafunika kalata yochenjeza imene amaitcha section 129, kenako samani ya ku khoti, kenako chigamulo, ndipo wobwera kudzalemba katundu ndi sherifu wa khoti ali ndi chikalata m'manja. Kudula malipiro anu kwa abwana nakonso kumafuna chilolezo cha majisitireti. Wolonjerera ngongole ayenera kukhala wolembetsedwa ku Council for Debt Collectors, ndipo malamulo awo omwe amawaletsa kuopseza, kunama, kuimba Lamulungu, kapena kuimba pakati pa 9 koloko usiku ndi 6 koloko m'mawa. Ndiye akaimba musadule foni, musatukwane, ndinu ana a Mulungu. Funsani modekha dzina lake, kampani yake, nambala yake yolembetsera, ndipo muwauze akutumizireni statement yonse pa imelo: ngongole inayamba liti, inali zingati, munalipira komaliza liti. Ena akangomva mafunso amenewa mawu amatsika pomwepo.

Pa statement paja yang'anani chinthu ichi. Lamulo limati chiwongoladzanja ndi ndalama zina zimene amawonjezera nthawi imene mwasiya kulipira zisapose ngongole yeniyeni imene inatsala tsiku limene munasiya. Ngati inatsala R4,000, zowonjezera za nthawi imeneyo zisadutse R4,000. Wina akakuuzani kuti yafika R19,000, mufunseni aonetse masamu ake.

Apa ndiye ndikufuna mutchere khutu, chifukwa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Ngongole zambiri za masitolo, za mafoni ndi za banki zopanda chikole zimafa pakatha zaka 3, ngati m'zaka zimenezo simunalipirepo kanthu, simunavomere kuti muli nayo, ndipo simunapatsidwe samani. Amati prescription. Kuyambira mu 2015 lamulo limaletsa kugulitsa kapena kulonjerera ngongole yotere. Ndiye mudzamva mawu okoma pa foni: mayi, ingolipirani R50 yokha lero tione kuti muli ndi mtima wofuna kulipira. Mukuona ngati chifundo? Ngati zaka 3 zinali zisanakwane, R50 imeneyo yayambitsanso kuwerenga kuchokera pa tsiku loyamba. Ngakhale kungonena kuti inde ndikudziwa, ndilipira kumapeto kwa mwezi, foni ikujambulidwa, mwavomera. Choncho pa ngongole yakale musalonjeze kanthu musanaone mapepala.

Koma musathamangire kuvina. Ngongole ya nyumba, ya msonkho, ndi iliyonse imene khoti linagamula kale imakhala zaka 30. Ifenso timasamukasamuka, chaka chino Rosettenville, chaka chamawa Tembisa, pamene samani imapita ku adiresi imene munalemba tsiku lotsegula akaunti. Munthu akhoza kugamulidwa osadziwa n'komwe. Credit report ija ndi imene ingakuonetseni ngati pali chigamulo. Ndiponso amene munapita kumudzi n'kukhalako nthawi yaitali, dziwani kuti kukhala kunja kwa dziko lino kumatha kuchedwetsa kukwana kwa zaka 3 zija. Musawerengere pa zala nokha, funsani odziwa malamulo. Legal Aid South Africa ilipo, ndiponso mayunivesite ambiri ali ndi maofesi othandiza osauka pa za malamulo.

Za mashonisa, akatapila a kuno, ndinena mwachidule. Wokongoza ndalama saloledwa kusunga ID yanu, khadi lanu la ku banki kapena PIN yanu. Ndi mlandu. Chimene chimandiwawa n'chakuti ena ochita katapila wotere ndi Amalawi anzathu, ena amakhala pa mpando wa kutsogolo m'tchalitchi, pasipoti ya m'bale wawo ili m'thumba la jekete. Ngati ndinu, bwezani pasipotiyo sabata ino.

Ndikudziwa ena alemba m'munsimu kuti abusa ayamba kuphunzitsa anthu kuthawa ngongole. Ayi ndithu. Sofa mukukhalirayo munaitenga, foni munaigwiritsa ntchito, lipirani. Imbani nokha musanaimbiridwe, nenani zimene mungakwanitse pa mwezi, mgwirizano ulembedwe, ndalama ipite ku akaunti ya kampani osati ya munthu, risiti musunge. Ngati chikumbumtima chikukuuzani kuti mulipire ngakhale ngongole imene lamulo likuti inafa, ine sindikuletsani, bola muchite mukudziwa, osati chifukwa mnyamata wina wakunamizani za apolisi. Ndipo ngongole ya m'bale wanu amene anakulipirirani basi kuchokera ku Wenela, ya chipereganyu, ya mayi anu aang'ono amene anagulitsa mbuzi kuti mupeze pasipoti, imeneyo musayerekeze kuiwerengera zaka 3. Iwo alibe bureau yokulembetsaniko, n'chifukwa chake mumayamba kuwaiwala iwowo. Manyazi!

Enanso anena kuti ndikuchepetsa mphamvu ya Mulungu. Amene akumuchepetsa ndi amene wamuikira mtengo wa R1,000. Ine ndidzakupemphererani ulere kuti mupeze ntchito, kuti mantha achoke, kuti mugone tulo. Ndaona anthu akudwala BP, mabanja akugwedezeka, bambo akubisa makalata pansi pa matiresi kuti mayi asaone. Zimenezo ndi zoona ndipo n'zofunika pemphero. Tikatha kunena ameni, envulopu ija titsegule.

Lamulungu likudzali tikaweruka, ine ndi madikoni awiri tikhalira. Bwerani ndi makalata onse, ngakhale amene simunatsegule, mameseji a pa foni musafufute, ndi ID kapena pasipoti imene munatsegulira akaunti. Tithandizana kupempha credit report ndi kulemba madandaulo. Ife si maloya, nkhani imene yafika ku khoti tidzakulozerani koyenera. Palibe cholipira, ndipo dzina la munthu silidzatchulidwa pa guwa. Amene muli kutali lembani ku inbox, koma musatumize chithunzi cha pasipoti kwa aliyense, ngakhale kwa ine.