KODI CHIPWITIKIZI AMADYA?

Sabata yatha ndinatsala pang'ono kutaya ulemu pamaso pa alamu anga. Nkhani yake ndi ya mwana wa mlongo wanga, mtsikana amene anamaliza digiri ya Chifalansa, ndipo tsopano akulembera mayunivesite akunja kuti akachite digiri yachiwiri pa zilankhulo zobadwa ku Chilatini ndi zolembalemba zake. Banja la zilankhulozi ndi la Chifalansa, Chipwitikizi, Chisipanishi, Chitaliyana ndi Chiromaniya. Iyeyu mtima wake uli pa Chipwitikizi.

Bambo ake atamva anaseka mpaka kugwetsa misozi. "Alamu, tamulangizani mwana wanuyu. Kodi Chipwitikizi amadya? Anzake akuwerenga ndalama ku banki, iye akufuna kukawerenga ndakatulo za Apwitikizi!"

Ndinangoti chete chifukwa panali ana. Lero ndiye ndiyankha, pakuti funso limeneli si la alamu anga okha ayi. Lili m'makomo ambiri, m'maofesi momwe.

Choyamba, amene akuganiza kuti maphunziro amenewa ndi pothawira alesi abwere adzaone thebulo la mwanayu. Akufunika chikalata cha magiredi ake onse, makalata omuchitira umboni ochokera kwa aphunzitsi, kalata yofotokoza chimene akufuna kukafufuza, ndi chitsanzo cha nkhani imene analembapo m'chilankhulo cha eni ake. Pamwamba pa izi pali mayeso: DALF ya Chifalansa, CAPLE ya ku Portugal kapena Celpe-Bras ya ku Brazil. Sukulu zambiri sizikhutira ndi chilankhulo chimodzi, zimafuna ziwiri za m'banjamo. Fomu nayo kawirikawiri imalipiridwa m'ndalama zakunja, ndipo tsiku lotsekera likapita, basi, udikire chaka chamawa.

Ndinamuperekeza ku ofesi ina kukafunsa za thandizo la fizi. Bwana wa pamenepo anayang'ana mapepala ake ngati akuona nsabwe. "Zinenero? Ife timathandiza maphunziro a chitukuko, mayi." Tinatuluka manja ali m'khosi.

Chitukuko! Abale inu, tatengani mapu. Kum'mawa, kumwera ndi kumadzulo kwa Chigawo cha Kumwera tazunguliridwa ndi Mozambique, dziko limene boma, makhoti ndi sukulu zimayenda m'Chipwitikizi. Katundu wathu wambiri amadzera ku Beira ndi ku Nacala. Nkhondo ya kumeneko isanathe mu 1992, tinasunga abale athu pafupifupi miliyoni imodzi. Ku Dzaleka, ku Dowa, kuyambira 1994 kukukhala anthu ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ambiri mwa iwo odziwa Chifalansa. Ku misonkhano ya SADC Chifalansa ndi Chipwitikizi zimakhala pa thebulo limodzi ndi Chingerezi. Nanga mgwirizano wa njanji ukalembedwa m'Chipwitikizi, atiwerengere ndani? Kodi tizibwereka makutu kwa yemweyo amene tikukambirana naye mtengo?

Ena akuti Chipwitikizi n'chilankhulo cha atsamunda. Inde, n'zoona. Nanga Chingerezi anatisiyira ndi Kalonga? Ndipo tisadzinamize kuti n'chachilendo kwenikweni. Mukavala nsapato, mukadya mbatata, mukalandira kalata kwa kapitawo, mwalankhula kale mawu anayi amene makolo athu anatola kwa Apwitikizi.

Koma chimene chimandiwawa koposa ndi ichi. Mbiri yathu yakale, ya Amaravi, mbali yake yaikulu inalembedwa m'Chipwitikizi. Gaspar Bocarro anadutsa m'dziko la Amaravi mu 1616 pa ulendo wochokera ku Tete kupita ku Kilwa. António Gamitto anayenda pakati pa Amaravi ndi Achewa mu 1831 ndi 1832, nalemba za miyambo yawo m'buku lotchedwa O Muata Cazembe, limene linatuluka mu 1854. Linamasuliridwa m'Chingerezi mu 1960. Zaka 106! Ndipo mapepala ena ali m'nkhokwe za ku Lisbon ndi ku Maputo. Azungu amenewa sanalembe motikonda, analemba ndi maso a anthu ofuna golide ndi minyanga. N'chifukwa chake pakufunika mwana wathuwathu, wodziwa Chichewa cha agogo ake ndi Chipwitikizi chakale, woti akawerenge yekha n'kutiuza pamene mlendo anaona bwino ndi pamene ananama. Apo ayi tizingomva za makolo athu kudzera pakamwa pachitatu.

Za zolembalemba ndiye manyazi enieni. José Craveirinha analandira mphoto ya Camões, yaikulu kwambiri m'Chipwitikizi, mu 1991. Mia Couto anailandira mu 2013, Paulina Chiziane mu 2021. Onsewa ndi a tsidya lino la Africa, oyandikana nafe mpanda. Ndi angati mwa ife, owerenga tsamba lino, amene tinawawerengapo? Ferdinand Oyono ndi Mariama Bâ timawadziwa chifukwa wina anatichitira chifundo n'kuwamasulira m'Chingerezi. Kamuzu anatsegula sukulu ku Mtunthama mu 1981 kuti ana aziphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Tinaombera m'manja mayi amene anamwalira kalekale, pomwe ana ake amoyo akugulitsa tomato pa Zobue ndi pa Milange ife osawalonjera.

Sindikukana, dziko likusowa madokotala ndi alangizi a zaulimi. Sindikunamanso kuti ntchito zikumudikira mwanayu pa chipata. Alamu anga ali ndi mantha a kholo, ndipo ndikuwamvetsa. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo mudzi wa asing'anga okhaokha, wopanda womasulira mlendo akafika, ndi mudzi wogontha.

Kwa mwanayu ndanena mawu amodzi: usalembe kalata yopempha malo ngati munthu wongofuna kuthawa umphawi. Aphunzitsi a kumeneko awerengapo makalata otere ambirimbiri. Lemba kuti ukufuna kukawerenga Gamitto ndi maso a Mchewa, chinthu chimene mwana wa ku Lisbon sangachite.

Fomu yoyamba tatumiza Lachiwiri. Ndalama yake ndagulitsa mbuzi ziwiri, ndipo alamu anga sakundilankhulitsa. Palibe kanthu. Tsiku limene adzafune wowawerengera pepala pa chipata cha Mwanza, adzadziwa ngati Chipwitikizi amadya.